Mwana Akaimba, Womuyankha Ndani? Kuunika Buku la John Blacking la Nyimbo za Ana a Chivenda

Mau oyamba

Chaka china, ndili wansembe wothandiza pa parishi ina ya kumudzi, bambo mfumu adandituma kuti ndikakhale mmodzi mwa oweruza pa mpikisano wa makwaya a ana a Tilitonse. Lidali tsiku lokumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, pa 22 Novembala. Ana adaimba bwino, amai adaimba nthungululu, ife oweruza tidalemba malikisi, ndipo kwaya imodzi idatenga mphotho. Nditatuluka m'tchalitchi ndidapeza kamtsikana ka zaka ngati 7 katakhala pa khonde, katavala yunifolomu ya kwaya yopambanayo, koma nkhope ili yakugwa. Ndidati, "Mwanawe, anzako akuvina, iwe watani?" Iko kadagwada nkuyankha kuti, "Abambo, ine sindidaimbe nao. Aphunzitsi adati ndizingoyendetsa milomo, mau asamatuluke, chifukwa ndimaononga nyimbo."

Sindikudzudzula mphunzitsi wa kwayayo, pakuti iye adangochita zimene mpikisano udafuna, ndipo amene adakhala pa mpando wa chiweruzo, pensulo ili m'manja, ndidali ine. Koma kuchokera tsiku limenelo funso ili silidandichoke mumtima: tikamati tikukondwerera kuimba kwa ana athu, kodi kwenikweni timakondwerera chiyani, nanga mwanayo amachokapo atadziwa chiyani za iye mwini? Nkhaniyi si yaing'ono, abale anga ansembe ndi inu aseminale, chifukwa mwana wouzidwa kuti atseke pakamwa m'nyumba ya Mulungu, kawirikawiri ndi yemwe uja timadzamuona atakula, ataima kumbuyo kwa tchalitchi manja atapinda, Misa yonse osatulutsa liwu.

Buku limene landithandiza kulingalira funsoli silidalembedwe ndi wansembe kapena katekisiti, ndipo silinena za ana a kuno kwathu. Linena za ana a Avenda a ku South Africa. Ndifuna kufotokoza zimene mlembi wake adapeza, kuonetsa pamene adalasa ndi pamene adaperewera, kenaka kufunsa chimene ife abusa tingatolepo.

Mlembi ndi buku lake

John Blacking adabadwira ku England mu 1928, namwalira ku Belfast mu 1990. Adaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku Cambridge, ndipo iye mwini ankaimba piyano. Atafika ku South Africa adagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mkulu uja adayendayenda m'maiko ambiri a mu Africa, ndi ku Nyasaland komwe, kujambula nyimbo za makolo, nakhazikitsa mu 1954 nkhokwe ya nyimbozo yotchedwa International Library of African Music. Pakati pa 1956 ndi 1958 Blacking adakhala pakati pa Avenda, kumpoto kwa chigawo chimene pa nthawiyo chinkatchedwa Transvaal, lero Limpopo. Adaphunzira chilankhulo chao, naonerera magule ao, naphunzira kuimba nao.

Zipatso za ntchitoyi zidatuluka ku Johannesburg mu 1967 m'buku lotchedwa Venda Children's Songs. M'menemo adasonkhanitsa nyimbo 56 za ana, zimene Avenda amazitcha nyimbo dza vhana, mau amene Mchewa aliyense angawamve popanda womasulira. Nyimbo iliyonse adailemba mau ake, tanthauzo lake, chuni chake, ndiponso nthawi imene ana amaiimba. Mu 1973 adatulutsa kabuku kena, How Musical Is Man?, m'mene adafutukula maganizo omwewo kuti afikire anthu onse. Mabuku awiriwa ndi oyenera kuwerengedwa pamodzi, popeza loyamba lili ndi umboni, lachiwiri lili ndi chigamulo.

Zimene adapeza

Choyamba chikhudza ndondomeko ya kuphunzira. Akatswiri ambiri a ku Ulaya ankakhulupirira kuti mwana amayamba ndi nyimbo zapafupi, zokhala ndi makwerero a mau awiri kapena atatu okha, makwerero aja pa kwaya timawatchula kuti do, re, mi, ndipo kuti pambuyo pake ndiye amafika pa nyimbo za makwerero 5, 6 kapena 7. Blacking adapeza kuti ana a Avenda sankatsata ndondomeko imeneyo. Kawirikawiri ankayamba kudziwa nyimbo zooneka zovuta asanadziwe zapafupi, chifukwa zovutazo ndizo zinkamveka kwambiri pa mudzi, ndizonso anzao ankazikonda. Ndiye kuti mwana saphunzira nyimbo chifukwa choti njapafupi, koma chifukwa choti nja anthu amene iye afuna kukhala nao.

Chachiwiri nchakuti nyimbo za ana si zidole zopanda mizu. Blacking adaonetsa kuti chuni cha zambiri mwa izo chidaphuka kuchokera ku nyimbo za akulu, makamaka ku gule wa fuko lonse wotchedwa tshikona. Pa guleyu mwamuna aliyense amanyamula chitoliro chimodzi cholira liwu limodzi lokha, ndipo nyimbo imatuluka pokhapokha aliyense aliza chitoliro chake pa nthawi yake, onse akuvina mozungulira ng'oma. Palibe munthu angaimbe tshikona yekha. Motero mwana woimba kanyimbo kake koseweretsa amakhala ataponda kale pa khomo la nyimbo yaikulu ya fuko lake, ngakhale iye sadziwa.

Chachitatu, Avenda ankatenga kuti munthu aliyense wobadwa bwino angathe kuimba ndi kuvina. Ankazindikira ndithu kuti ena amaposa anzao, ndipo ankawatama, koma kupambana kwa mmodzi sikunkasandutsa ena onse kukhala oonerera chabe. Apa mpamene Blacking adatembenukira kwa anthu a kwao nawafunsa chifukwa chimene amagawira ana m'magulu awiri, ochepa amphatso ndi ambiri opanda mphatso, chonsecho malonda onse a nyimbo amadalira kuti anthu wamba ali ndi khutu lotha kusiyanitsa nyimbo ndi phokoso. Wotha kumva nyimbo ali nayo kale nyimbo mkati mwake.

Chachinai, adaona kuti kudziwa nyimbo za ana kunkampatsa mwana malo pakati pa anzake amsinkhu wake, ndipo kuti mwana akamakula ankasiya nyimbo zina nkulowa zina. Atsikana ankafika pa gule wa tshigombela, kenaka pa chinamwali cha domba. Choncho nyimbo zinkakhala ngati miyala ya m'malire yosonyeza pamene munthu wafika pa ulendo wa moyo wake, ndipo mudzi wonse unkaona ndi kuvomereza.

Supuni ndi chitsukulumwe

Pali kanthu kena kamene Blacking adafotokoza m'zolemba zake za pambuyo pake, kamene kwa ine kaposa zonse. Adati mwana wakhanda wa Chivenda akayamba kugogoda chinthu, monga mbale ndi supuni, akulu sankamulanda supuniyo kapena kumukalipira kuti akusokosa. Mai wake kapena mkulu wake ankayamba kuomba m'manja kapena kugogoda naye, koma ndi kagundidwe kena kolukana ndi ka mwanayo, kotero kuti phokoso lija linkasanduka nyimbo ya anthu awiri. Mwana ankadabwa, nkuyesanso, nkumva kuti wayankhidwanso.

Ife amene tidaphunzira filosofi tikumbuka kuti Aristotle, m'buku lachisanu ndi chitatu la Politics, adatchula chitsukulumwe cha Archytas, chimene anthu ankapatsa ana kuti aziseweretsa, kuwopa kuti angaswe ziwiya za m'nyumba, popeza kamwana sikatha kukhala phee. Iye adati maphunziro ali ngati chitsukulumwe cha ana okulirapo. Adaphunzitsanso kuti ana ayenera kuimba okha ndi kugwira okha zoimbira, kuti akakula adzathe kuweruza nyimbo yabwino ndi kukondwera nayo moyenera, koma kuti asawakakamize kufika pa luso lija lofunika pa mipikisano. Mphunzitsi wake Plato, m'buku lachiwiri la Laws, adafika ponena kuti munthu wosalowa m'gulu loimba ndi kuvina sadaphunzire kanthu.

Komabe taonani kusiyana kwake. Chitsukulumwe cha Archytas nchomutangwanitsa mwana kuti akulu apume, pamene manja a mai wa Chivenda ngomuyankha mwana kuti alowe m'gulu la anthu. Pa mfundo iyi mai wosaphunzira uja adamposa mphunzitsi wamkulu wa ku Athens. Kuomba m'manja kwakeko kukuchita ntchito ziwiri pa nthawi imodzi. Kukumuthandiza mwana kuzindikira chimene wachita, pakuti tsopano wamva kuti kugogoda kwake kuli ndi dongosolo, ndiponso kukukondwerera chimene wachitacho, osati pomupatsa mphotho, koma poimba naye. Ndikhulupirira kuti apa mpamene pagona yankho la funso lathu. Mwana wamng'ono amazindikira kuphunzira kwake akayankhidwa, ndipo chikondwerero choona cha kuimba kwake nkumulandira m'nyimbo ya onse, osati kumuika pa sikelo.

Pamene bukuli laperewera

Ngakhale zili choncho, sitingalandire zonse maso ali chitsinzire. Poyamba, buku la 1967 lidalembedwera akatswiri. Ladzaza ndi zizindikiro za nyimbo ndi kusanthula kwa makwerero a mau, kotero kuti katekisiti wa kumudzi sangapindule nalo popanda womutafunira. Ndiponso mtima wa bukuli uli pa nyimbo ndi pa mudzi kopambana pa mwana payekha. Timamva zambiri za chimene ana amaimba, koma funso lakuti mwanayo amaganiza chiyani za kuphunzira kwake, chimene chidamuvuta ndi chimene chidamukondweretsa, silili pakati pa ntchitoyi. Ife abusa funso limenelo sitingalilumphe.

Kachiwiri, mudzi umene Blacking adaufotokoza ngwa zaka za m'ma 1950. Ana ankamva nyimbo ali ku msana kwa amai ao pa bwalo la gule, ndipo madzulo ankamva nthano zokhala ndi nyimbo mkati. Lero mwana wa ku Thohoyandou, chimodzimodzi wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, amamva nyimbo zambiri kuposa agogo ake, koma amazimva kuchokera pa wailesi ndi pa lamya ya m'manja, zinthu zimene zimaimba koma sizimuyankha. Amene angawerenge Blacking nkunena kuti ana a mu Africa amangobadwa oimba, palibe chofunika kuchita, wasokera kwambiri, ndipo wanena zosiyana ndi mlembiyo, amene ankatsindika kuti luso limakula chifukwa mudzi umalilera. Chimene kale chinkachitika chokha, lero chifuna kuti wina achichite mwadala.

Kachitatu, kukhala m'gulu kuli ndi mbali yake yowawa. Ngati kudziwa nyimbo kumapatsa mwana malo pakati pa anzake, ndiye kuti wosaidziwa, wachibwibwi, wosamva bwino, kapena mlendo, angathe kutsala kunja. Blacking mwiniwake adaona kuti magule akuluakulu monga tshikona ankakhala m'manja mwa mafumu, ndipo ankaonetsanso mphamvu zao. Gulu lingathe kulera munthu, lingathenso kumumeza. Mthenga Wabwino umaonjeza chimene bukuli silinena, kuti mbusa amaitana nkhosa iliyonse ndi dzina lake, ndipo amasiya zambiri kukafuna imodzi.

Potsiriza, Blacking amamasulira nyimbo ngati ntchito ya anthu, yochokera m'thupi la munthu ndi m'kakhalidwe ka mudzi. Zimenezi nzoona, koma si zonse. Mwana akazindikira kuti liwu lake sadalipange yekha, ndipo nyimbo yake adachita kulandira, mtima wake umafuna wina womuthokoza. Sayansi ya chikhalidwe cha anthu ingamufikitse kwa agogo ake ndi kwa makolo akale, koma singamupitirize kwa Iye amene adapatsa agogowo mpweya.

Phunziro la ku Matsumoto

Kuti tione m'mene munthu angachitire mwadala zimene mudzi wa Avenda unkachita mwachibadwa, nkothandiza kuyang'ana kutali, ku Japan. Shinichi Suzuki, amene adabadwa mu 1898 namwalira mu 1998, adayamba kuphunzitsa ana aang'ono vayolini mu mzinda wa Matsumoto nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Maziko a chiphunzitso chake adali akuti mwana aliyense amaphunzira chilankhulo cha amai ake popanda mayeso, chifukwa amachimva tsiku ndi tsiku, amabwereza kosatopa, ndipo liwu lililonse latsopano limalandiridwa ndi chimwemwe. Iye adati nyimbo iphunzitsidwe chimodzimodzi. Nchodabwitsa kuti Mjapani wophunzitsa nyimbo za ku Ulaya ndi Mngelezi womvetsera nyimbo za Avenda adafika pa mfundo imodzi, yakuti luso si chuma cha ochepa.

Miyambo itatu ya sukulu ya Suzuki ikhudza nkhani yathu. Woyamba, mwana sataya nyimbo zakale akaphunzira zatsopano, koma amazibwereza nthawi zonse, ndipo pobwerezapo amadzimvera yekha kuti chimene chinkamuvuta chaka chatha lero chikuyenda mosavuta. Wachiwiri, mwana akatsiriza gawo ankajambula kuimba kwake pa tepi nkutumiza kwa Suzuki, amene ankamvetsera yekha nkuyankha. Wachitatu, pa zikondwerero zao amakonda kuyamba ndi nyimbo zovuta, zoimbidwa ndi ana okulirapo, nkumatsika pang'onopang'ono, ana ena nkumalowa, mpaka pa nyimbo yotsiriza, yapafupi koposa, imene onse amaimba pamodzi, wazaka 15 ataima pambali pa wazaka 3.

Njira imeneyi ilinso ndi zofooka zake. Vayolini njodula, imafuna kholo lokhala ndi nthawi, ndipo khamu la ana oimba mofanana lingasanduke chionetsero chodyetsa kunyada kwa makolo. Sindikunena kuti tiitanitse mavayolini ku maparishi athu. Koma nzeru ya miyambo itatuyo siifuna ndalama, ndiyo kubwereza zakale, kumvetseredwa ndi munthu wamkulu, ndi kutsiriza pa nyimbo imene wamng'ono koposa angaithe.

Kukumbukira ndi kuthokoza

Tsono tifunse chifukwa chimene mwana afunikira kubwerera pa zimene waphunzira. Thomas Aquinas Woyera amaphunzitsa kuti nzeru za munthu sizidziona zokha mwachindunji, koma zimadzizindikira kudzera m'ntchito zake. Munthu amadziwa kuti ali ndi nzeru poona kuti wamvetsa kanthu. Chimodzimodzi mwana sadziwa kuti ngwoimba mpaka atabwerera pa kuimba kwake nkukuona. Koma mwana wa zaka 5 sangathe kubwerera yekha, afuna kalilole, ndipo kalilole wake woyamba ndi nkhope ya wamkulu amene akumumvetsera. Nkhopeyo ikamuuza kuti amaononga nyimbo, iye alibe kwina kokafunsa, amangokhulupirira.

Augustino Woyera, m'buku la 11 la Confessiones, pofuna kumasulira chinsinsi cha nthawi adatenga chitsanzo cha munthu wonena salimo limene amalidziwa. Asanayambe, salimo lonse lili m'chiyembekezo chake. Akamanena, mau amadutsa pa chidwi chake nkulowa m'chikumbumtima cha zakale, mpaka chiyembekezo chonse chitasanduka chikumbutso. Mwana wotha kuimba kanyimbo kuyambira poyamba mpaka pomaliza waphunzira kugwira pamodzi zapita, zilipo ndi zikubwera. Imeneyi si ntchito yochepa kwa mzimu wa munthu, ndipo iyenera kuzindikiridwa.

Ife Akatolika tili ndi dzina la ntchito yokumbukira zimene talandira ndi kuthokoza wotipatsa. Dzinalo ndi Ukaristia, mau a Chigriki otanthauza kuthokoza. Mpikisano umafunsa kuti waposa ndani, pamene Ukaristia umafunsa kuti talandira chiyani, kwa yani. Mwana wophunzitsidwa kufunsa funso lachiwirili pa nyimbo zake akukonzekera kale kumvetsa Misa.

Ndipo Eklezia sadatisiye opanda malangizo. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Sacrosanctum Concilium cha pa 4 Disembala 1963, udalamula pa ndime 114 kuti makwaya alimbikitsidwe, koma pomwepo udati abusa aonetsetse kuti mpingo wonse ukutenga mbali yake pa kuimba. Pa ndime 119 udati nyimbo za makolo za anthu a m'maiko a mishoni zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Malangizo a Misa za ana, amene Roma adatulutsa pa 1 Novembala 1973, amati kuimba kulimbikitsidwe kwambiri pa Misa zotere, ana ambiri apatsidwe zochita, zoimbira nzothandiza makamaka zikamaimbidwa ndi ana eniake, ndipo ulaliki nthawi zina ungakhale wokambirana ndi anawo. Palibe pamene pakunenedwa kuti ana osaimba bwino akhale chete.

Wina adzati, kodi Mulungu sayenera kulandira zabwino koposa? Kodi si mipikisano imene yakweza makwaya athu? Sindikana kuti kwa achinyamata ndi akulu, amene asankha okha kupikisana ndipo angathe kupirira kugonja, mpikisano ungadzutse khama. Koma kumbukirani Papa Pius X, amene mu 1903 adalimbikira kwambiri za ulemu wa nyimbo za m'tchalitchi. Papa yemweyo mu 1910, ndi chikalata cha Quam singulari, adatsekulira ana a zaka ngati 7 khomo la Ukaristia, nati sikofunika kuti mwana adziwe chiphunzitso chonse, bola athe kusiyanitsa mkate wa Ukaristia ndi mkate wamba. Ngati Mai Eklezia safuna nzeru zokwanira kuti mwana alandire Ambuye, kodi ife tili ndi mphamvu yanji yofuna liwu langwiro kuti mwana yemweyo awatamande?

Zoti tichite

Ndipereke tsono maganizo angapo, amene ndawayesa ndipo safuna chuma. Loyamba, pakati pa ana a Tilitonse pasakhale mwana wouzidwa kuti angoyendetsa milomo. Kutha kulondola chuni kumakula ndi msinkhu ndiponso ndi kuzolowera, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala lakuti wamkulu wayambitsa nyimbo pa liwu losayenera kukhosi kwa ana. Wosochera aikidwe pakati pa anzake awiri okhazikika, apatsidwenso chisekese kapena kang'oma, ndipo mphunzitsi adekhe, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Lachiwiri, pa mapeto a maphunziro a nyimbo pakhale mphindi zochepa zocheza ndi ana, pogwiritsa ntchito mafunso amene mwana angathe kuyankha. Osamufunsa kuti waphunzira chiyani, chifukwa adzangobwereza mau a mphunzitsi. Koma mufunseni kuti, nyimbo iyi udaimva koyamba kwa yani? Mpati pamene pankakuvuta koma lero sipakuvutanso? Ukafika kunyumba ufuna kukaimbira yani? Ana aang'ono kwambiri amalingalira ndi thupi kopambana ndi mau, choncho aloledwe kuonetsa ndi manja pamene nyimbo ikwera ndi pamene itsika, kujambula pa dothi kapena pa pepala chimene nyimboyo iwakumbutsa, kapena kuphunzitsa mng'ono wao mzere umodzi. Popeza Chichewa, monga Chivenda, chimakweza ndi kutsitsa liwu polankhula, mwana angathenso kuthandizidwa kumva m'mene chuni chabwino chimatsatira kalankhulidwe ka mau.

Lachitatu, lamya ya m'manja ija imaimba osayankha tingaisandutse kalilole. Mphunzitsi ajambule ana poyamba pa Adiventi, awajambulenso pa Pasaka, kenaka akhale nao pansi kuti amvetsere zonse ziwiri. Asafanizire mwana ndi mnzake, koma gulu la lero ndi gulu lomwelo la miyezi yapitayo. Zojambulazo zikhale za anawo ndi makolo ao, osati zomwaza ponseponse.

Lachinai, tsiku la Cecilia Woyera likhale la chithokozo m'malo mwa chiweruzo. Aitanidwe agogo ndi amai amene adaimbira anawo nyimbo zoyamba ali ku msana, ndipo ana awaimbire nyimbo zomwezo pa bwalo Misa isanayambe kapena itatha. Dzina la mwana aliyense litchulidwe. Pa mapemphero a akhristu onse, ana angapo athokoze Mulungu chifukwa cha amene adawaphunzitsa. Kuimba kuyambe ndi akuluakulu, kutsirize ndi nyimbo imene kamwana ka zaka 4 kangaithe, ndipo pa nyimbo imeneyo mpingo wonse, ndi wansembe yemwe, uyankhe. Ngati pali maswiti kapena chakudya, alandire onse.

Mau otsiriza

Buku la Blacking silingatiphunzitse kupemphera, ndipo silidalembedwere zimenezo. Koma latikumbutsa chinthu chimene makolo athu ankachidziwa, chimene ife tayamba kuchiiwala pothamangira zikho ndi malikisi, chakuti mwana amakhala woimba chifukwa wina wamuyankha. Pa chifukwa chimenechi ndiliyamikira kwa aseminale onse, pamodzi ndi kabuku ka 1973, ngakhale masamba ena ngolimba. Ndime 115 ya Sacrosanctum Concilium imafuna kuti maphunziro a nyimbo alemekezedwe m'maseminale, ndipo ndiganiza kuti mbali ina ya maphunzirowo iyenera kukhala kuphunzira kumvetsera ana.

M'mutu 21 wa Mthenga Wabwino wa Mateyo timawerenga za ana amene ankafuula m'Nyumba ya Mulungu kutamanda Ambuye Yezu. Mlembi sadatiuze kuti ankaimba mokoma. Amene adaipidwa nalo phokosolo adali akulu a ansembe ndi aphunzitsi a Malamulo, ndipo Ambuye adaikira anawo kumbuyo powakumbutsa Salimo 8. Nkoyenera kuti ife ansembe tiziwerenga ndimeyi ndi mantha pang'ono.

Kamtsikana kaja ndidakasiya pa khonde nditangokauza kuti kasadandaule. Chimene ndidayenera kuchita chidali kukhala pansi pomwepo, kukapempha kuti kandiimbire nyimbo ija, ndi kukavomera. M'mera mpoyamba, ndipo mwai wotere ukadutsa subwerera msanga. Inu amene mukukonzekera kupita ku maparishi mudzapeza ana otere pa khonde lililonse. Mudzawapemphe kuti aimbe, ndipo inu mudzavomere.